Tsiku limene agogo anakangana ndi kaseti ku layibulale

Anzanga, pezani pokhala. Amene muli pa kabaza imani kaye pambali, amene mukutsuka mbale pukutani manja, chifukwa nkhani iyi ndi yaitali ndipo bandulo ndagula ya lero lokha. Musandidule pakati. Ine mumandidziwa, mukandidula ndimayambiranso poyamba.

Ndikakumbukira a Gondwe, chimene chimayamba kubwera si nkhope yawo ayi, ndi fungo. Fungo la phala la chinangwa limene ankamatira mabuku ong'ambika, lowawasa pang'ono, litasakanikirana ndi la mapepala akale achikasu aja, kenako utsi wa nsomba zimene agogo anga ankawamba ukudutsa pamwamba pa mpanda wa bango, kulowa pawindo pawo, kukakhazikika pa mashelefu ngati kwawo. Ukangomva zenera likutsekedwa mwamphamvu unkadziwa kuti zayambika.

"Abiti, utsi wanuwu ukundiphera mabuku."

"A Mabuku, utsi umenewu ndiwo ukulera ana awa. Mabuku anuwo munayamba mwathirapo mchere n'kudya?"

Tsiku lililonse zinali choncho, ndipo tsiku lililonse agogo akamaliza kuwamba ankandituma ndi kambale ka utaka kuti ndikapereke kwa anthu omwewo.

A Gondwe anali a kumpoto, akhristu, ife Asilamu a m'mbali mwa nyanja kuno kufupi ndi Lifuwu. Akazi awo anali aphunzitsi, boma linawatumiza ku sukulu ya kwathu, ndiye bambowo atapuma ntchito anabwera kudzamanga pafupi ndi ife. Ntchito yawo moyo wonse inali ya mu layibulale ya yunivesite kumwera uko. Agogo anga, Abiti Juma, dzina la Gondwe sankalitchula n'komwe. Kwa iwo anali a Mabuku basi, ndipo mudzi wonse unatengera.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, mukudziwa. Kuwerenga kwenikweni ndinakuphunzirira pakhonde pawo, zina zonsezi ndaphunzira pa foni. Koma pakhonde paja panali malamulo. Usanagwire buku usambe m'manja ndi sopo, uwaonetse manja mbali zonse ziwiri, iwo anunkhize. Akamva usipa, bwerera ukasambenso. Osanyambita chala potsegula tsamba. Osapinda ngodya. Ndipo ukakhala chete ankayamba kufotokoza za layibulale yawo ija ngati mmene akuluakulu ena amafotokozera za mtundu wawo, uyu anabala uyu, uyu anachokera uku.

Ankati inayamba ndi kachipinda kobwereka ndi mabuku amphatso. Mabokosi ankachokera kunja pa sitima, ukatsegula upeze mabuku ophunzitsa kuweta nkhosa m'dziko la chisanu, koma unkawalandira ndi manja awiri poti shelefu inali yopanda kanthu. Buku lililonse linali ndi kakhadi kake m'madirowa aatali, ndipo makadi ambiri anawatayipa iwowo ndi zala ziwiri. Ankanenanso za nthawi ina pamene mabuku ena ankatsekeredwa m'kabati, wofuna kuwerenga ayambe wapempha chilolezo, ndipo akafika pamenepo ankatsitsa mawu ngakhale kuti panali ine ndi nkhuku zokha.

Koma chimene ankachikonda kuposa zonse chinali chipinda cha zinthu za Malawi. M'menemo munali nyuzipepala zakale zosokedwa pamodzi ngati mabuku akuluakulu, mapu, zolemba za ana a sukulu amene anamaliza maphunziro, zithunzi, ndi makaseti a mawu a anthu akuluakulu a m'midzi. Ankati mabuku ena onse aja atapsa mukhoza kuitanitsa ena kunja, koma za m'chipinda chimenechi zambiri n'zimodzizimodzi, zikapita zapita. "Chinthu chimene chili chimodzi chokha sichituluka pakhomo," ankatero, chala m'mwamba.

Ndiye tsiku lina m'mawa agogo akuyanika usipa pa thandala, anayamba kundikalipira chifukwa ndinkaponda ukonde wa anthu. Anati, "Che Amidu akanakhala moyo, miyendo imeneyo ikanalapa." Che Amidu anali amuna awo, agogo anga aamuna, msodzi, anamwalira ine ndisanabadwe. Chithunzi chawo kunalibe. Ine ndinkangodziwa dzina.

A Gondwe anali pampanda ndi kabuku m'manja. Anafunsa kuti, "Abiti, Amidu ake ati? Amene ankapita ku Mbenji?"

"Asodzi onse kuno amapita ku Mbenji."

"Ankayamba atsokomola kawiri asanayankhule? Kenako n'kunena kuti, tsono mwana wanga?"

Agogo anasiya usipa uli m'manja. Anawayang'ana a Gondwe nthawi yaitali, kenako anati, "Inu munawaonera kuti amuna anga?"

"Sindinawaonepo. Ndinawamva."

Anafotokoza kuti kale ana a ku yunivesite ankatumidwa m'midzi ndi makina ojambulira mawu kukacheza ndi akuluakulu, ndipo wina anafika kuno kunyanja kudzafunsa asodzi za malamulo a pa chilumba cha Mbenji. Makaseti aja anakaperekedwa ku layibulale, ndipo amene ankawamvetsera kuti alembe makadi ake anali iwowo. Agogo anakumbuka. Anati kunabweradi kamnyamata kovala nsapato zothina, kanakhala ndi amuna awo pansi pa mtengo wa mango tsiku lonse, iwo n'kukaphikira mpunga.

"Ndiye mawuwo alipo mpaka pano?"

"Pamene ndinkachoka analipo."

"Kawatengeni."

A Gondwe anaseka pang'ono, anati sizituluka. Agogo anati chabwino, ngati munthuyo satuluka, apita okha kukamuona. Apa a Gondwe nkhope inasintha. Anayamba kuzemba, mtunda ndi wautali, kaseti ndi yakale, tepi yake ikhoza kuduka ikangoyamba kuzungulira ndiye tataya zonse. Kenako ananena motsitsa kuti, "Komanso Abiti, muli zambiri m'menemo. Zina n'zolemera."

Agogo anati, "Munthuyo ndinakhala naye ine. Kulemera kwake ndikukudziwa."

Anzanga, mukanaona kukonzekera kwake. Agogo anatulutsa chitenje chimene ankasungira Idi, mpango woyera wa kumutu, anadzola mafuta onunkhira, mpaka anabwereka kalilole kwa amayi anga. Amayi ankaseka kuti, "Amayi, mukukakwatiwanso kodi?" Agogo anamanga mpunga wa ku Lifuwu m'kathumba, anasankha kampango wowamba wamkulu bwino, n'kukulunga mu nsalu. Ine ananditenga kuti ndiziwagwira dzanja pokwera ndi potsika, poti maondo anali atayamba kuvuta.

Ulendo wake ndimakumbukira kutentha ndi fungo la kampango uja m'minibasi. Pa Balaka kondakitala anafunsa kuti nsomba ikununkhirayo ndi ya ndani, agulitse. Agogo anati ndi ya alendo. A Gondwe anavala tayi ndi jekete, thukuta lili kamukamu, osavula. Tinagona kwa mwana wa mchemwali wa a Gondwe, m'mawa mwake n'kupita.

Nyumba yake inali yaikulu kuposa chilichonse chimene ndinali nditaonapo. Pakhomo panali mlonda ndi mashelefu osiyapo zikwama. Agogo anayamba ndi kuvula nsapato. A Gondwe anati valani, kuno savula. Agogo anati m'nyumba ya eni ake salowa ndi fumbi, ndipo nsapato zinatsala pakhomo pomwepo. Kenako mlonda analoza kamtolo kaja.

"Mayi, chakudya sichilowa muno."

"Si changa ichi, ndi cha eni nyumba."

"Ngakhale zili choncho. Chimaitana makoswe ndi mphemvu, zimadya mabuku."

Agogo anatembenukira kwa a Gondwe. "A Mabuku, anthu andisungira mwamuna zaka zonsezi, osandipempha kanthu, ine ndilowe chimanjamanja ngati ndabwera kudzatenga moto?"

Mlonda anafunsa kuti mwamuna wake uti amene akusungidwa muno. A Gondwe anafotokoza, mlonda anakanda kumutu, kenako anati iye ndi mmodzi wa osungawo, poti amalondera usana ndi usiku womwe, ndiye mphatso ikhoza kufikira kwa iye n'kukagawana ndi anzake kuseri. Agogo anagwada pang'ono, anapereka ndi manja awiri, mlonda analandira ndi manja awiri. Ana a sukulu ankadutsa akutiyang'ana, ena akubisa kuseka m'mabuku.

M'kati munali zii, kozizira, fungo lomwe lija la pakhonde pa a Gondwe koma lopanda utsi. Madirowa a makadi aja anali atakankhidwira pakona, anthu ankafufuza pa kompyuta. A Gondwe anadutsa pamenepo, anagwira dirowa imodzi ndi dzanja osatsegula, n'kupitirira. Tinakwera masitepe pang'onopang'ono, agogo akupumira pa phewa langa.

Woyang'anira chipinda cha zinthu za Malawi anali mayi wachitsikana wovala magalasi, amene a Gondwe anamuphunzitsa ntchito. Atawaona anaimirira, "Bambo, mwabwera osanena?" Anakambirana chapansipansi, mayi uja analowa kuseri n'kubwera ndi katoni. M'menemo makaseti ali ndondondo, iliyonse ndi kapepala kake. A Gondwe sanafufuze nthawi yaitali. Anaitulutsa, anaipenda pa kuwala kwa pawindo, n'kuigwira ngati dzira.

Mayi uja anati, "Bambo, ndikuuzeni zoona. Wailesi yotsala ndi imodzi, ndipo nthawi zina imatafuna matepi. Tikuyembekeza makina osamutsira mawu pa kompyuta. Mukanadikira kuti tisamutse kaye."

"Abwera liti makinawo?"

"Sitikudziwa."

A Gondwe anakhala pampando kaseti ili m'manja. Munthu amene moyo wake wonse ankaletsa anthu kugwira zinthu zimodzizimodzi, lero ndiye wabweretsa munthu woti aike chinthu chotero m'kamwa mwa wailesi yotafuna. Ndinawaona akuyang'ana kaseti, akuyang'ana agogo, akuyang'ananso kaseti. Agogo anali atakhala pansi pa simenti, miyendo atatambasula, mpando ataukana.

Anati, "A Mabuku, kaseti idikire makinawo, inenso ndidikire. Ndani ayambe kufika, makina kapena Mulungu?"

A Gondwe anatulutsa bolopeni m'thumba la jekete, anailowetsa pa kabowo ka kaseti n'kuyamba kuzunguza pang'onopang'ono ndi dzanja, tepi yonse mpaka kumapeto, kenako kuibweza, kuti ngati yamatana penapake imasuke isanalowe m'wailesi. Zinatenga nthawi moti ine ndinayamba kuwodzera. Anapukuta m'kati mwa wailesi ndi kathonje. Mayi uja anabweretsa zomvera za m'makutu, agogo anazikana, anati munthu samumvera m'khutu ngati miseche. Ndiye anatseka chitseko, a Gondwe anadina batani, chala chawo n'kukhala pomwepo pa batani lozimitsira.

Poyamba kunali phokoso ngati mvula ya patali. Kenako tambala. Kenako munthu anatsokomola kawiri.

"Bisimila. Tsono mwana wanga, iwe wati ukufuna za ku Mbenji."

Agogo anakonza mpango kumutu. Anati, "Salamu aleikumu, Che Amidu." Mwakachetechete, ngati mmene ankalonjerera munthu wobwera kuchokera kunyanja.

Mawu ake anali okhuthala, osathamanga, a munthu wozolowera kuyankhula pamwamba pa mafunde. Ankafotokoza kuti pa chilumba paja sapita ndi mowa, sapita ndi akazi, satchova njuga, ndipo mvula ikayamba amatseka, aliyense amachoka kuti nsomba ziswane. Anati, "Tikatseka timabwerera kumudzi kukagwira khasu."

"Bodza," anatero agogo, mokweza ndithu. "Khasu lake liti? Munkagona pansi pa mango inu, ine ndili m'matope ku mpunga."

Mayi wa magalasi uja anagwira pakamwa. A Gondwe, amene anatha zaka akuuza anthu kuti akhale chete m'nyumba imeneyi, anangoyang'ana kudenga.

Kaseti inapitirira. Che Amidu anati iwo fodya anasiya kalekale chifukwa msodzi amafunika chifuwa chabwino, ndipo asanamalize n'komwe anatsokomola.

"Mwamva? Chifuwa chabwinocho ndi chimenecho. Musaname pamaso pa anthu ophunzira, Che Amidu."

Penapake patali m'kasetimo munamveka mawu a mzimayi akuitana kuti mpunga wapsa. Agogo anatchera khutu. "Ameneyo ndi ndani?"

A Gondwe anati, "Ndinu, Abiti."

"Ine mawu anga ndi oterowo? Ngati mbuzi yomangidwa?" Anaseka mpaka kupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Ine ndinali ndisanawaonepo akuseka choncho. Ankayankha chilichonse, apa kutsutsa, apa kuvomera, apa kukumbutsa dzina la munthu limene amuna awo aliiwala. Wina anagogoda kudzadandaula za phokoso, mayi uja anatuluka kukamubweza.

Kenako kamnyamata kofunsa kaja kanati, "Bambo, ndamva kuti munatayapo mwana panyanja pomwepa."

Apa ndikuuzeni kaye. Agogo mwana wawo woyamba anali Yusufu, mchimwene wa amayi anga. Ali mnyamata anapita ndi bambo ake kunyanja nthawi ya mwera, ndipo bambo ake anabwerako okha. Thupi linapezeka patapita masiku, anaika mwa Chisilamu, sadaka inachitika. Koma chimene chinachitika m'bwato muja Che Amidu sanauzepo munthu pakhomo, ngakhale akazi awo, mpaka kumwalira. Ndipo agogo sanafunsepo.

M'kasetimo munangomveka phokoso la mvula lija lokha. Kenako kutsokomola kawiri.

"Eee. Yusufu. Tsono mwana wanga, tsiku limenelo mwera unayamba tili pakati..."

"Zimitsani."

A Gondwe chala chinali pomwepo kale. Anadina.

Agogo ankayang'ana wailesi ija ngati munthu amene wawalakwira pagulu. Kenako anati, "Ine ndinagona naye nyumba imodzi zaka zonse zija, osandiuza. N'kukauza mwana wa eni wa nsapato zothina." Anapuma. "Ngati sanandiuze pakhomo, sindimvera m'nyumba ya alendo. Ndamumva, ali bwino, akunamabe. Zakwana."

Mayi uja anafunsa mwaulemu ngati angafune kuti mbali imeneyo itsekedwe, anthu ena asamaimve. Agogo anati ayi, mwini wake anapereka yekha, asunge mmene anaperekera. A Gondwe anatulutsa kaseti, tepi ili yonse bwinobwino, osaduka. Anaibweza m'katoni. Anapempha mayi uja kuti alembe penapake kuti banja la munthuyu lilipo, lili ku Salima, tsiku lina likadzafuna mawuwa lidzapatsidwe.

Pobwerera agogo anagona tulo m'minibasi mutu uli pa phewa langa. Ine ndinawanong'oneza a Gondwe kuti, "Inu munamva yonse, eti?"

"Ndinamva."

"Ndiye anati chiyani?"

Ananditchula dzina. "Asiyatu, ine ntchito yanga inali yosunga. Youlutsa ndi ya ena."

Ndinayesanso kangapo zaka zotsatira, pakhonde paja, manja nditasamba bwinobwino. Ankangonditsegulira buku lina. Ndipo ndi agogo, pa mpanda paja, sindinawamvepo akuitchula nkhaniyi ngakhale kamodzi. A Gondwe anayamba ndiwo kumwalira, anakaikidwa kwawo kumpoto. Agogo anatsatira nthawi ya mvula ya chaka chinacho.

Tsono chimene ndakukhazikirani pansi ndi ichi. Miyezi yapitayi ndikungoyendayenda pa foni ndinaona kuti layibulale ija yayamba kusamutsa makaseti akale kuika pa kompyuta. Makina aja anafika, agogo atapita kale. Ndinalemba meseji, ndinafotokoza kuti ndine mdzukulu wa Che Amidu, msodzi wa ku Salima. Sindinkayembekeza yankho. Anandiyankha mayi yemwe uja, pano ndi wamkulu pamenepo, anati akundikumbuka, kamtsikana kamene kanabwera ndi agogo opanda nsapato. Ananditumizira mawu onse, kuyambira tambala uja mpaka kumapeto.

Ali mu foni muno mmene ndikulemba pano. Ndamvera kambirimbiri, za khasu, za fodya, mawu a agogo akuitanira mpunga. Ndikafika pa funso lija, akatsokomola kawiri, chala changa chimadina chokha. Kamzere kaja kamaonetsa kuti kutsogolo kwatsala mawu ambiri ndithu.

Amayi anga ali moyo, ali panja apa akusankha mpunga. Yusufu anali mchimwene wawo, ankawabereka kumsana popita kumadrasa, ndipo mpaka lero mwera ukamawomba salola mwana aliyense wa pakhomo pano kuyandikira bwato. Sakudziwa kuti mawu a bambo awo ali m'thumba mwanga. Ndikawapatsa, sadzaimitsa pamene agogo anaimitsa, ndikuwadziwa. Ndikapanda kuwapatsa, ndiye kuti ndikuwabisira bambo awo.

Inu mukanakhala ine, anzanga, mukanatuluka nayo foniyi panja apa, kapena mukanaisiya m'thumba?